Mwana Wamasiye Ali Ndi Kwawo

Pali maganizo amene afala pakati pa anthu akuti mwana wamasiye akapeza chakudya, chovala ndi pogona, ndiye kuti mavuto ake onse atha. Anthu a maganizo otere saona cholakwa kumtenga mwana m'midzi ya ku Thambani, m'boma la Mwanza, n'kupita naye ku Blantyre, ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja, popanda kulemba paliponse kuti iye ndani ndipo abale ake ali kuti. Maganizo amenewa ngolakwika. Mwana afunika kudziwa dzina la mayi wake, mfunda wa bambo wake ndi mudzi umene mchombo wake udagwera. Dziko la Britain lidayenda njira yotaya mbiri za ana kwa zaka zoposa zana limodzi, ndipo zotsatira zake n'zofunika kuti wophunzira aliyense azidziwe.

Kuyambira m'chaka cha 1869 mpaka cha m'ma 1970, mabungwe achifundo ndi mipingo ya ku Britain, mogwirizana ndi boma, idatumiza ana oposa 100,000 ku Canada, Australia, New Zealand ndi Southern Rhodesia. Ambiri adali ana a anthu osauka amene ankasungidwa m'nyumba zolereramo ana. Akuluakulu ankanena kuti akuwapulumutsa ku umphawi wa m'mizinda. Koma padali cholinga chinanso chimene sichinkabisidwa kwenikweni, ndicho kuchulukitsa azungu m'maiko a ufumu wa Britain ndi kupeza antchito otchipa a m'minda ndi m'nyumba.

Nkhaniyi idafika pafupi ndi Malawi. Kingsley Fairbridge, mzungu amene adakulira ku Umtali, mzinda umene tsopano ukutchedwa Mutare, adayambitsa bungwe losamutsa ana ku Oxford m'chaka cha 1909, ndipo mu 1912 adatsegula sukulu ya zaulimi ku Pinjarra m'dziko la Australia. Iye atamwalira, ena adatsegula sukulu yomkumbukira pa Induna, pafupi ndi Bulawayo, mu 1946. Pofika 1962 pamene sukuluyi idatsekedwa, ana oposa 270 ochokera ku Britain adali atatumizidwa kumeneko. Pa zaka zina za nthawi imeneyi, Nyasaland ndi Southern Rhodesia adali m'chitaganya chimodzi.

Choipa chachikulu pa zonsezi chidali bodza. Ana ambiri adauzidwa kuti makolo awo adamwalira pamene adali moyo. Amayi ena amene adasiya ana awo m'nyumba zolereramo ana kwa kanthawi, pobwerera adauzidwa kuti anawo adatengedwa ndi mabanja abwino a m'dziko momwemo. Ana ena adasinthidwa maina ndi masiku obadwa, ndipo ana a mimba imodzi adalekanitsidwa akangotsika m'sitima. M'malo ena, monga ku Bindoon ku Australia, anyamata ankagwiritsidwa ntchito ya kalavulagaga yomanga nyumba, kumenyedwa ndi kuchitidwa zamanyazi. Analibe kothawira chifukwa sankadziwa mbale aliyense pa dziko lapansi.

Zobisikazi zidaululika mu 1986 pamene Margaret Humphreys, mayi wogwira ntchito yosamalira anthu ku Nottingham, adalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wa ku Australia wofuna kudziwa makolo ake. Chaka chotsatira Humphreys adakhazikitsa bungwe la Child Migrants Trust, limene lidayamba kufufuza m'mabuku a ubatizo, a zipatala ndi a sitima zapamadzi. Anthu a imvi adayamba kuonana ndi amayi awo okalamba. Ena adafika mochedwa, nangoonetsedwa manda. Nduna yaikulu ya Australia, Kevin Rudd, idapepesa mu November 2009, ndipo ya Britain, Gordon Brown, idapepesa mu February 2010. Pambuyo pake boma la Britain lidapereka mapaundi 20,000 kwa aliyense wotsala. Koma ndalama zingati zimene zingabweze zaka makumi asanu zimene mayi ndi mwana adakhala akulirana onse ali moyo?

Ena adzatsutsa kuti ambiri mwa anawo adaphunzira, adapeza ntchito ndipo adamanga mabanja, zimene mwina sakadazipeza kwawo. Zimenezi n'zoona kwa ena. Komatu ngakhale amene zidawayendera bwino adathera ukalamba wawo akufunafuna kapepala kolembedwapo dzina la mayi. Kodi kumdyetsa mwana kumafuna kuti ayambe wanamizidwa? Palibe chimene chikadaletsa mabungwe aja kumphunzitsa mwana n'kumuuzanso zoona za kwawo. Adasankha bodza chifukwa mwana wopanda mbale savuta kumlamulira.

Anthu a ku Thambani safunika kupita ku London kuti amvetse ululu umenewu. Pa zaka zomwe ana a azungu ankatsikira ku Induna, amuna a ku Nyasaland ankadutsa pa Mwanza, Zobue ndi Tete kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Ambiri adatchona. Ana ndi zidzukulu zawo zidakula zikudziwa mfunda wokha, kaya Phiri, Banda kapena Mbewe, koma osadziwa mfumu kapena mudzi. Pamene Zimbabwe idasintha lamulo la unzika mu 2001, ambiri a iwo adapezeka kuti si nzika za dziko lililonse, ndipo mpumulo udabwera ndi malamulo atsopano a dzikolo mu 2013. Nayonso nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, idathawitsira m'Malawi anthu oposa miliyoni imodzi. Ena mwa iwo adali ana amene adaoloka malire okhaokha, ndipo Mwanza adali amodzi mwa maboma amene adawalandira. Kenaka padadza Edzi, imene idasiya agogo akulera zidzukulu zambirimbiri.

M'nthawi zotere ndi mmene amatulukira anthu a mawu okoma. Wina amabwera ndi galimoto nanena kuti akamlipirira mwana sukulu. Wina amati akamsunga ku nyumba ya ana amasiye. Ena mwa iwo ndi a mtima wabwino ndithu, koma ena amafuna wantchito wosalipidwa. Agogo otopa ndi njala amavomera popanda mboni, popanda kalata, osafunsa ngakhale dzina la malo kumene mwana akupita. Agogowo akamwalira, mbiri ya mwana imalowa nawo m'manda. Ichi ndicho cholakwa chomwe chija cha ku Britain, kungoti chikuchitika mwakachetechete, mwana mmodzimmodzi.

Makolo akale sankatero. Pa chikhalidwe cha m'derali, mayi akamwalira, ana amakhala m'manja mwa mwinimbumba, amene kawirikawiri amakhala atsibweni awo. Mng'ono kapena mkulu wa mayi amatchedwanso mayi. Ndiye chifukwa chake akuluakulu adati chibale n'chipsera, sichipola. Malamulo a dziko nawonso akugwirizana ndi mwambowu. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi likuti mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina lake ndi la banja lake, unzika, ndiponso wodziwa makolo ake. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana lidakhazikitsidwa mu 2010, ndipo kuyambira mu 2015 mwana aliyense wobadwa ayenera kulembetsedwa m'kaundula wa boma. Vuto ndi lakuti lamulo lokhala m'buku ku Lilongwe silingateteze mwana ngati anthu a m'mudzi salitsata.

Choncho pali zinthu zofunika kuchita. Mwana asachoke m'mudzi popanda mfumu, abale a mbali zonse ziwiri ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kudziwa kumene akupita ndi amene akumtenga. Nyumba iliyonse yolereramo ana isunge buku la maina a makolo, mfunda, mudzi ndi mfumu ya mwana aliyense, ndipo mwanayo akakula aloledwe kuliwerenga. Ana a mimba imodzi asalekanitsidwe, ndipo pa tchuthi azipita kukaona kwawo. Koposa zonse, munthu wofuna kuthandiza ayambe waganiza zothandiza agogo kapena atsibweni kuti alere mwanayo pakhomo.

Ophunzira a ku sekondale ali ndi gawo lalikulu pa ntchitoyi chifukwa ndiwo odziwa kulemba. Kope limodzi ndi cholembera n'zokwanira kukhala pansi ndi agogo n'kulemba amene adabala yani, amene adapita ku Bulawayo osabwerako, ndi mwana amene adatengedwa chaka chiti ndi yani. Margaret Humphreys ndi anzake adatha zaka zambiri akufufuza zimene munthu mmodzi akadatha kulemba pa tsiku limodzi pamene mwana ankanyamuka. Mabanja a ku Thambani alembe mbiri zawo agogo odziwa maina akadali moyo.