Magulu a ophunzira jogalafe asakhale pobisalira aulesi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yophunzira m'magulu ku sekondale, makamaka phunziro la jogalafe.

Tonse tikukumbukira kuti pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere mu 1994, ana anachuluka koma mabuku ndi aphunzitsi sanakwanire. Boma litalengeza zochotsa fizi m'masekondale ake kuyambira Januwale 2026, ndinaona kuti vuto lomwelo lingagwerenso sukulu zathu zoyendera za CDSS. Mapu amodzi sangakwanire kalasi yonse, choncho kuika ana m'magulu n'kwanzeru. Paja mutu umodzi susenza denga.

Koma si gulu lililonse limene limapindulitsa. Kawirikawiri mwana mmodzi wanzeru ndiye amagwira ntchito yonse, anzake n'kumangovomera. Tsiku la mayeso a MSCE a MANEB safunsa gulu ayi, aliyense amakhala yekha ndi mapu ake.

Katswiri wina wa maphunziro ku America, Robert Slavin, anapeza kuti magulu amakweza makhozedwe pakakhala zinthu ziwiri: gulu likhale ndi cholinga chimodzi, ndipo aliyense ayesedwe payekha. Elliot Aronson naye mu 1971 anayambitsa njira yopatsa mwana aliyense gawo lake loti akaphunzitse anzake.

Tiyerekeze kuti mutu ndi kusefukira kwa madzi ku Chikwawa ndi Nsanje. Wina afotokoze za mvula, wina za kudula mitengo m'mapiri, wina za dothi lokokoloka limene limakwirira mtsinje wa Shire, wina aonetse pamapu malo otsika ndi okwera. Pamapeto mphunzitsi aloze aliyense mosayembekezera kuti ayankhe. Apo waulesi alibe pobisala. Ndipo amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti nzeru zimenezi si zamayeso okha.

Pempho langa likupita kwa abusa ndi ansembe: tsegulani zipinda za mpingo masana kuti magulu azikumaniramo. Inu makolo anzanga, musamatume atsikana kumjigo ndi kuchigayo nthawi ya gulu pamene anyamata akuwerenga. Aphunzitsi nanu, sakanizani ofooka ndi amphamvu, ndipo gulu lisapitirire ana asanu. Likakula limasanduka bwalo la macheza.

Kholo lokhudzidwa,
Chikwawa.