Mutu wowomba ngati mphenzi si wa Panado

Pali mutu umene umabwera pang'onopang'ono, munthu n'kuuzolowera, monga waching'alang'ala. Pali winanso umene suchenjeza. Umafika pachimake mphindi imodzi isanathe, munthu n'kugwira kumutu, kukuwa, mwina kusanza. Pakapita maola angapo umaleka, koma mawa kapena mkuja umabweranso, kangapo pa sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zambiri munthu akamasamba, akamadzikakamiza kuchimbudzi, akakwiya kapena akakhala malo amodzi ndi mnzake. Ife tikuti mutu wotere ufunika dokotala tsiku lomwelo.

Chimodzi mwa zimene zimauyambitsa ndi kufinyika kwadzidzidzi kwa mitsempha ya magazi ya muubongo. Madokotala a ku Boston, m'dziko la America, anafotokoza vutoli mu 1988, ndipo kuyambira 2007 limadziwika ndi dzina lachidule loti RCVS. Akajambula, mtsempha umaoneka wopyapyala apa, wotupa apo, ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. Ubwino wake ndi woti mitsemphayo imabwerera mwakale pasanathe miyezi itatu, ndipo odwala ambiri amachira bwinobwino. Koma masabata oyambawo ndi oopsa: magazi angathe kutuluka muubongo, munthu angagwe ngati wakhunyu, angasiye kuona bwino, kapena kufa ziwalo chifukwa cha sitiroko.

Kafukufuku amene anachitika pachipatala cha Lariboisière ku Paris, n'kusindikizidwa mu 2007, anatsata odwala 67. Mwa iwo 43 anali akazi, ndipo pa avareji odwalawo anali a zaka za m'ma 40. Oposa theka anadwala atagwiritsa ntchito mankhwala ofinya mitsempha, chamba chili patsogolo. Ena mwa mankhwalawa ndi otsegula m'mphuno pa chimfine. N'chifukwa chake kumayambiriro kwa 2024 bungwe la European Medicines Agency linachenjeza za pseudoephedrine, amodzi mwa mankhwala otsegula m'mphunowa, maka kwa anthu a BP yokwera kwambiri. Kwathu kuno, kumene mankhwala a chimfine timangogula osafunsa kuti muli chiyani, chenjezoli likutikhudza.

Koma amene watidetsa nkhawa koposa ndi mayi wongobereka kumene. Vutoli limakonda masabata awiri oyamba atachira, nthawi imene watuluka kale m'chipatala, ali m'chikuta, maso a aliyense ali pa khanda. Akadandaula mutu, apongozi amati ndi kusagona, anamkungwi amati ndi kuchepa kwa magazi, ndipo sipalephera wina wonong'ona zoti walodzedwa. Onsewa amamufunira zabwino. Koma mutu womwewo ungakhalenso chizindikiro cha BP yokwera ya pambuyo pa uchembere, kapena cha mtsempha wophulika, ndipo palibe angasiyanitse zimenezi ali pamphasa kunyumba.

Ngakhale kuchipatala nkhaniyi imapusitsa. Chithunzi choyamba cha makina a CT kawirikawiri chimaoneka chabwino, pakuti kufinyikako kumaonekera bwino pakatha masabata awiri kapena atatu. Wodwala akabwezedwa ndi mawu oti "palibe chimene tapeza", amakapitiriza kusuta kapena kumwa chomwe chinamudwalitsa. Chonsecho chisamaliro chake si chapatali: kusiya mankhwala oyambitsawo, kupuma, kuyeza BP pafupipafupi, kuchepetsa ululu, ndipo madokotala ambiri amapereka mankhwala otchedwa nimodipine. Mankhwala a gulu la steroids amapewedwa chifukwa aoneka kuti amawonjezera vutoli.

Sitikupempha makina ojambulira ubongo pachipatala chaching'ono chilichonse; tikudziwa mmene thumba la boma lilili. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti azamba, anamwino ndi alangizi a zaumoyo aziuza mayi aliyense asanatuluke m'chipatala, pamodzi ndi womudikirira, kuti mutu wowomba mwadzidzidzi ndi chifukwa chobwerera msanga. Ndipo wodwala aliyense wa mutu azifunsidwa funso limodzi losalira ndalama: "Unayamba pang'onopang'ono kapena nthawi imodzi?" Akati nthawi imodzi, alemberedwe kalata yopita kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.