Makalata Enieni Akusochera mu Sefa ya Imelo

Anthu a m'maboma a Petauke ndi Nyimba omwe amafunsira ntchito kapena malo a sukulu kudzera pa intaneti ali ndi vuto lomwe ambiri saliganizira. Yankho lochokera ku Lusaka likhoza kufika, iwo osaliona.

Gmail ndi Yahoo zili ndi sefa yomwe imapatula makalata okayikitsa ndi kuwaika m'bokosi la spam. Sefayi imayang'ana komwe kalata yachokera, mawu ake, komanso madandaulo a ena omwe analandirapo makalata otero. Kampani ya Google imati imatsekereza makalata oipa oposa 99.9 peresenti. Komabe sefa imalakwa pawiri: nthawi zina imalola kalata ya akuba kudutsa, ndipo nthawi zina imatsekera kalata yeniyeni.

Kulakwa kwachiwiriku kumapweteka kwambiri akumidzi, pakuti Gmail imafafaniza kalata iliyonse yomwe yatha masiku 30 m'bokosilo. Munthu amene amatsegula imelo tsiku ndi tsiku angaipulumutse msanga. Koma amene amagula mabandulo mwa apo ndi apo, kapena kudikira ulendo wa kuboma kuti apeze netiweki, angafike itafafanizidwa kale.

Mu February 2024, Gmail ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo kwa otumiza makalata ochuluka, kuti azitsimikiza kuti ndiwo eni ake a adiresi. Motero maofesi omwe sanakonze bwino makina awo ali pachiopsezo choti makalata awo azikanidwa kapena kuponyedwa m'bokosi la spam.

Woyembekezera yankho ayenera kuyang'ana m'bokosimo sabata iliyonse. Akapeza kalata yomwe amaidikira, adinde pomwe palembedwa kuti "Not spam" ndi kusunga adiresiyo, chifukwa potero sefa imaphunzira. Koma si zonse zoyenera kupulumutsidwa. Kalata yofuna nambala yachinsinsi ya ndalama za pa lamya, kapena yopempha ndalama kuti munthu alembedwe ntchito, ndi msampha. Nambala ya lamya yomwe akuba apereka ingadziwitsidwe ku bungwe la ZICTA poimba *707#.

Udindo sungasiyidwe kwa wolandira yekha. Maofesi olemba anthu ntchito angachite bwino kutumizanso uthenga pa lamya, kapena kulengeza pa mawailesi monga PASME ya ku Petauke. Kupanda kutero, wachinyamata woyenerera angataye mwayi chifukwa cha kalata yomwe inafika koma sanaione.