ZA NJINGA: KUCHOKERA KU NAMBUMA KUKAFIKA KU DZALANYAMA

Anzanga a kumidzi, dziko lathu lino la kuzambwe kwa Lilongwe ndi lathyathyathya, mapiri ake ngowerengeka. Nchifukwa chake munthu wa pa njinga amawakonda, pakuti ndiwo amamuuza kumene ali. Sabata ino tikambe za ulendo wochokera ku Nambuma kukafika ku Dzalanyama. Suli ulendo wa mwana amene waphunzira kupalasa dzulo ai, koma wa anthu ozolowera chishalo.

Nyamukani tambala woyamba atalira, mapiri a ku Dowa muwasiye kumbuyo. Mudzere kwa Kabudula, kenaka pa Nsaru. Njira zambiri za kuno nza fumbi, ndipo zimadula madambo. Pa dzinja dothi la kudambo limakanirira pa tayala kufikira gudumu litaleka kuzungulira, ndiye njinga imene inayenera kukunyamulani muinyamula ndinu. Tsono dikirani mukolole. Komabe m'miyezi ya June ndi July mphepo ya mwera idzakuombani kumaso, popeza mukulowera kumwera kumene ichokera. Musalimbane nayo, palasani pang'onopang'ono, pobwerera idzakukankhani yokha.

Mukatulukira pa mseu wa tala wa ku Mchinji mwapuma, koma apa mpamene pafera anthu. Yendani kumanzere, m'mphepete penipeni, ndipo mukamva galimoto lalikulu kumbuyo tsikirani pa dothi. Ife taona anyamata akupalasa atatu mogundana mapewa, akucheza ngati ali pa bwalo. Kumeneko nkuitana maliro.

A ku Mpingu ndi a pafupi ndi Chitedze, pamene Boma linatsegula malo ofufuzira za ulimi m'chaka cha 1948, angotsata mseu womwewu kudzera pa Msundwe. Gonani pa Namitete, makilomita ngati 50 kuchokera mu mzinda wa Lilongwe. Pali chipatala cha St Gabriel chimene chinayamba mu 1959, ndipo njira imeneyi njofunika kuidziwa munthu asanadwale m'nyumba mwanu.

M'mawa mwake yang'anani kumwera, mudzaona mtandadza wa mapiri obiriwira. Ndiyo Dzalanyama. Imaoneka ngati iri pafupi, koma imanyenga. Mudzapalasa thukuta kamukamu iyo iri pomwepo. M'mapiri amenewa ndimo muchokera mtsinje wa Lilongwe umene amamwa anthu a mu mzinda, ndipo kuseri kwake ndi ku Mozambique. Akuluakulu amati kumeneko kuli Kaphirintiwa, kumene anthu oyamba anasiya mapazi ao pa thanthwe.

Mudzakumana ndi njinga zosenza matumba a makala. Zipatukireni msanga, chifukwa pa chitsetso mabuleki ake sagwira. Ndipo inu musabwereko ndi thumba. Nkhalango imeneyi njotetezedwa ndi Boma, ndipo wogwidwa ndi makala opanda chilolezo angathe kulandidwa makalawo pamodzi ndi njinga imene anagula ndi fodya wa chaka chathunthu.

Musanachoke pakhomo, thirani mafuta pa tcheni, mangani masipoko olobodoka, ndipo pa kaliyala pakhale pampu, sipanala, zigamba za chubu, madzi ndi mbatata yootcha. Okonza njinga mudzawapeza pa Nsaru, pa Msundwe ndi pa Namitete, koma mukayandikira nkhalango amasowa. Uzaninso amai a kunyumba njira imene mudzere ndi tsiku lobwera.