Sindiyenda ndi ndalama za azungu m'chikwama

Azakhali anga akafunsidwa za ntchito yanga amayankha mwachidule: "Amathandiza anthu kupempha ndalama kwa azungu." Ndinasiya kale kuwakonza.

Ndine mlangizi wa mabungwe omwe si aboma pa nkhani yopeza ndalama zoyendetsera ntchito zawo. Palibe bungwe lomwe linandilemba ntchito yokhazikika. Amandiitana kwa masabata angapo, ndigwire, ndichoke. Ambiri amaganiza kuti luso langa ndi kulemba pulopozo ya Chingerezi chozuna. Kulembako ndi kagawo kochepa. Nthawi yambiri imathera pa malisiti, bajeti, ndi kuuza anthu zomwe sakufuna kumva.

Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lopita kunja, kenako USAID n'kutsekedwa, foni yanga sinkapuma. Mmodzi mwa oimbawo anali mayi wina woyendetsa kabungwe kodyetsa ana phala m'sukulu zamkaka kumudzi. Ndalama zawo zonse zinkadzera ku bungwe limodzi lalikulu, ndipo mpopiwo unaphwa tsiku limodzi.

"Achimwene, tilembereni pulopozo. Zikatuluka mudzatengapo 10 peresenti."

Ndinakana. Mayiwo anakhumudwa, mwina ankaganiza kuti ndachepa nayo. Koma wopereka thandizo amapereka ndalama ya ufa, soya ndi nkhuni, ndipo pa bajetiyo sipakhala mzere wa komishoni yanga. Kuti andilipire, pafunika wina apeke lisiti yabodza, apo ayi phala lisungunuke. N'chifukwa chake malamulo a Association of Fundraising Professionals amaletsa mamembala ake kulipidwa potengera peresenti ya ndalama zomwe zapezeka. Ine ndimalipiritsa pa tsiku, ndalama zituluke kapena zisatuluke. Kunena zoona, mwezi ukauma mtima umagunda ndithu pokana zoterezi. Nanenso ndili ndi ana ofuna fizi.

Tinagwirizana masiku atatu pa mtengo womwe akanakwanitsa. Tsiku loyamba ndinapempha mabuku a ndalama. Anandibweretsera jumbo yodzaza timapepala, tina titanyowapo. Palibe anaba, koma panalibenso umboni woti sanabe. Chonsecho lamulo limafuna kuti bungwe lolembetsedwa lizipereka chaka chilichonse lipoti ndi mabuku owunikidwa ndi odita ku NGORA, yomwe inkatchedwa NGO Board lamulo lisanasinthidwe mu 2022. Wopereka thandizo wanzeru amayamba wafunsa zimenezi asanawerenge nkhani yanu yomvetsa chisoni.

Tsiku lachiwiri ndinawafunsa kuti: kupatula azunguwo, ndani wina anakupatsanipo kanthu? Kunali zii. Kenako mayina anayamba kutuluka. Wachigayo amene amawagayira osalipira. Amayi a mvano. Anyamata a m'mudzimo omwe ali ku Johannesburg, amene maliro akagwa amasonkha msanga pa gulu la WhatsApp. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analandirapo kalata yothokoza, ngakhale kuuzidwa kuti phala la mwana mmodzi pa mwezi limadya ndalama zingati.

Tsiku lachitatu tinawerengera mtengo umenewo, tinakonza nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba zoyang'aniridwa ndi anthu awiri a mu bodi, n'kulemba uthenga waufupi m'Chichewa.

Zomwe zikubwera sizikufika pa zomwe ankalandira kale, ndipo antchito awiri anaimitsidwa. Ana akumwa phala katatu pa sabata m'malo mwa kasanu. Pulopozo ija tilemba odita akamaliza ndi jumbo ya malisiti, yomwe pano inasanduka mafayilo awiri.