Zigoli si usipa, anyamata

Ndalemba zazitali, koma werengani musanaike ndalama pa magemu a Loweruka.

Sabata yatha ndinapita ku Lilongwe kukasaka pisitoni ya injini ya boti ya abwana anga. Ndinagona ku Likuni kwa msuweni wanga wakabaza. Madzulo ananditengera ku video show, komwe tinapeza anyamata a ku Mitundu ndi Nathenje amene amabweretsa tomato m'tauni. Mpira ukuseweredwa pa TV, koma maso onse ali pa foni. Wina akuti, "Amwene, ife sitibetcha timu. Timagula zigoli n'kugulitsa. Iyi ndi bizinesi."

Kwa amene simukuzidziwa, zimayenda chonchi. Over 2.5 ndiye kuti matimu onse pamodzi agoletse zigoli zitatu kapena kuposa. Under ndiye ziwiri kapena kuchepera. Chigoli chikalowa msanga, tikiti ya over imakwera mtengo, umadina cash out, kudya pang'ono gemu isanathe. Ikakhala 0-0, mtengo umangotsika mphindi iliyonse. Kunja kuli misika ngati Kalshi ndi Polymarket komwe anthu amagulitsana matikiti oterewa. Kwathu kuno, amene amakugula tikitiyo ndi yemwe uja anakugulitsa, ndipo mtengo amanena ndi iyeyo.

Ndisaname, inenso ndinakopeka. Ndinatapa K20,000 pa ndalama ya pisitoni ija, kuika pa over. Chigoli chinalowa pa mphindi 20, cash out ikundiitana. Ndinati ayi, zibwera zina. Gemu inatha 1-0. M'mawa mwake ndinachita kukongola kwa msuweni, ndalama yomwe iye wayipeza ndi kupsa ndi dzuwa pa njinga. Manyazi ake mpaka pano.

M'minibasi pobwerera ku Salima ndinakhala n'kuwerengera. Tinene kuti over ili pa 1.85, under nayonso 1.85. Ukaika K1,000 mbali zonse ziwiri, waika K2,000, kuwina ndi kosakayikitsa, koma ukulandira K1,850. K150 ija yapita kuti? Ndiye phindu la kampani, ndipo limadulidwa mpira usanayambe. Pa cash out amadulanso lina. Ukaphatikiza magemu 5 oterewa, K1,000 imalonjeza pafupifupi K21,700. Zokoma eti? Koma ngati gemu iliyonse ili theka ndi theka, mwayi woti onse alowe ndi umodzi pa 32. Kuponya K32,000 kuti utole K21,700. Msodzi wanji angathire petulo wotero?

Ena mukuti, "Ine mpira ndimaudziwa." Chabwino. Mu Januwale 2022 ku Cameroon, ma Flames anakumana ndi Senegal ya Sadio Mané, yomwe inadzatenga chikho chomwecho. Ndani sankaopa kuti tigagadidwa? Inatha 0-0. Ndi Morocco, Gabadinho Mhango anaombera kutali pa mphindi zoyambirira, gemu n'kutha 2-1. Zomwe iwe ukudziwa, kampani inaziwerengera kale mu ma odds. Komanso chithunzi cha pa TV chimachedwa masekondi angapo. Pomwe iwe ukukuwa kuti chigoli, iwo atseka kale msika.

Ndiye maganizo anga ndi awa: tisamazitche bizinesi. Mayi anga akagula usipa padoko, mtengo ukagwa amauyanika pa thandala, kudikira sabata ina. Zikakanika, timadya ndi nsima. Tikiti ya over ikafika mphindi 90 ungayanike pati? Bambo anga amalowa m'madzi osadziwa ngati apha kanthu, zoona, koma akabwera chimanjamanja ukonde ndi bwato zimakhalapobe.

Sindikuti ndine woyera, ndipo ndikudziwa ntchito kulibe, K500 yosanduka K10,000 imaoneka ngati njira. Koma ngati ubetcha, uzidziwa kuti ukulipira chisangalalo, ngati khomo la video show. Ndalama ya petulo, ya ukonde, ya fizi ya mng'ono wako, kapena ya bwana, isafike pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku la gemu. Ndipo ukaluza, usathamangitse ndalama yoluza. Mwera ukakula, wanzeru amakokera bwato kumtunda.

Ngongole ya msuweni ndikubweza kumapeto a mwezi uno. Tumizani kwa mnzanu uja amati mawa awina.