ZA MAIKO AKUTALI: Ofuna Mipeni Yeniyeni Amatsata Mtsinje

M'midzi ya ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke mulibe mwamuna wacikulire amene sadziwa mpeni wa Okapi. Ndiwo umene umasenda mbuzi pa ukwati, kupala mpini wa khasu ndi kudula luzi pomanga nkhokwe. Koma ndi ocepa amene anafunsapo kumene mpeniwu unacokera. Unayamba kupangidwa m'caka ca 1902 mu mzinda wa Solingen ku Germany, ndipo colinga cinali cakuti uzigulitsidwa m'maiko a mu Africa amene Ajeremani anali kulamulira. Dzina lake ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo imene azungu anali atangoidziwa kumene. Mu 1988 kampani ya ku South Africa inagula dzinalo pamodzi ndi makina ake, ndipo kuyambira pamenepo Okapi amapangidwa kumeneko.

Kuli anthu m'maiko ambiri amene mbiri yotere imawasowetsa tulo. Iwo amasonkhanitsa mipeni monga momwe ena amasonkhanitsira masitampa kapena ndalama zakale. Sagula kuti akasendere nyama ai. Cimene afuna ndico kudziwa amene anausula, caka cake ndi mzinda wake. Munthu wa kumudzi angaseke kumva kuti wina ali ndi mipeni yodzaza bokosi koma sanadulirepo ngakhale cingwe, ndipo kusekako nkosadabwitsa. Komabe nzeru zimene anthuwa amatsata pofunafuna sitolo yabwino m'dziko lacilendo zingathandize banja liri lonse limene mwana wao ali kunja ku maphunziro kapena ku nchito ndipo amutuma mpeni, pakuti akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Bvuto loyamba la mlendo ndi lakuti masitolo amene amaoneka msanga, a pafupi ndi siteshoni ya sitima ndi a m'misewu yodzaza alendo, kawirikawiri amagulitsa mipeni yonyezimira imene inasulidwa kutali ndi dzikolo. Wosonkhanitsa wozolowera sayambira pamenepo. Iye amayamba wawerenga zolembedwa pa citsulo, pafupi ndi cigwiriro, pamene pamakhala cizindikiro ca wosula ndi dzina la mzinda. Mizinda yochuka ndi mipeni siyambiri, ndipo yambiri mwa iyo inamangidwa m'mbali mwa mitsinje yothamanga. Cifukwa cake ncakuti magetsi asanabwere, madzi ndiwo anali kuzunguza miyala yonolera. Kumene kunali miyalayo nkumene kunakhazikika mabanja a osula, ndipo zidzukulu zao zikali komweko.

Solingen ndi citsanzo cabwino koposa. Mzindawu uli pa mtsinje wa Wupper, kufupi ndi Düsseldorf ndi Cologne, ndipo eni ake amaucha mzinda wa mipeni ndi malupanga. Cizindikiro ca mapasa ca kampani ya Henckels cinalembetsedwa mu 1731. Kampani ya Wüsthof inayamba mu 1814, ndipo ya Böker, yodziwika ndi cizindikiro ca mtengo, mu 1869. M'mbali mwa mtsinjewo mukali tinyumba takale ta onola, monga Wipperkotten ndi Balkhauser Kotten, kumene mlendo angaone gudumu la madzi ndi miyala yake. Kale akazi a onolawo anali kusenza mipeni m'madengu pamutu kucokera kumtsinje kukwera nayo phiri mpaka kwa amalonda, monga momwe amai a kuno amasenzera cimanga popita ku cigayo. Ku dera la Gräfrath kuli nyumba yosungiramo mipeni ndi malupanga akale, ndipo wosonkhanitsa wanzeru amayambira kumeneko kuti maso ake azolowere nchito yeniyeni asanatulutse ndalama. Pambuyo pake amapita ku masitolo a pa mafakitale enieniwo, kumene mpeni wokhala ndi kacilema kakang'ono pa cigwiriro umatsika mtengo ngakhale kuti ukuthwa cimodzimodzi. Asaiwale kuti ku Germany masitolo amatseka pa Sondo.

Cinthu cina cothandiza ku Solingen ndi lamulo. Kuyambira mu 1938 dzina la mzindawu ndi lotetezedwa, kotero kuti palibe wololedwa kulilemba pa mpeni ngati nchito yaikulu ya mpeniwo sinacitikire m'deralo.

Ku France zinthu sizinayende motero. Mpeni wochuka wa Laguiole, umene uli ndi kanjuci pamsana, unatenga dzina la mudzi wina wa kumapiri, koma kwa zaka zambiri dzinalo linalibe lamulo lolicinjiriza. Cotsatira cake ncakuti mipeni yambirimbiri ya kanjuci inasulidwa ku Pakistan ndi ku China, ndipo alendo ambiri anabwerera kwao atanyamula yoteroyo poganiza kuti agula ya ku France. Kanjuci pakokha si umboni. Wogula ayenera kufunafuna dzina la wosula pa citsulo, ndipo ngati mtengo watsika modabwitsa, pamenepo mpoyenera kukaika. Mipeni yambiri ya ku France imasulidwa ku Thiers, mzinda womangidwa pa phiri pamwamba pa mtsinje wa Durolle. Onola a kumeneko anali kugwira nchito atagona cafufumimba pa thabwa pamwamba pa mwala, ndipo m'nyengo yozizira galu anali kugona pa miyendo yao kuti awafunditse.

Ku Sheffield, ku England, kuli mbiri yaikulu koma osula atsala ocepa. Bungwe la osula mipeni la kumeneko linakhazikitsidwa mu 1624, ndipo mu mzinda womwewo Harry Brearley anatulukira citsulo cosacita dzimbiri mu 1913. Mmodzi wa amisiri otsiriza opanga mipeni yopinda ndi manja, Stan Shaw, anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 94. Cotero wopita ku Sheffield lero amapeza zambiri kwa ogulitsa zinthu zakale, makamaka mipeni ya Joseph Rodgers yokhala ndi nyenyezi ndi mtanda.

Ku Japan nako kuli mizinda yake, Seki ndi Sakai. Mu 1876 Boma linaletsa anthu kuyenda atamangirira lupanga m'ciuno, ndipo osula malupanga ambiri anatembenukira ku mipeni ya kukhichini. Ku Tokyo kuli msewu wa Kappabashi wodzaza masitolo a ziwiya za ophika, ndipo ku Kyoto, mu msika wa Nishiki, muli sitolo ya Aritsugu imene mbiri yake inayamba mu 1560. Ogulitsa ambiri amazokota dzina la wogula pa citsulo iye ali ciimire. Pano mpamene wosafunsa amadya phula. Mipeni yacikhalidwe ya ku Japan imanoledwa mbali imodzi yokha ndipo imapangidwira dzanja lamanja, tsono wamanzere ayenera kunena asanalipire. Yambirinso ndi ya citsulo cimene cimacita dzimbiri msanga cikasiyidwa cosapukuta.

Kufunsa ndiko kumatsegula njira kuli konse. Osonkhanitsa odziwa amafunsa ophika m'mahotela, ogulitsa nyama ndi asodzi, pakuti munthu amene amadyera mpeni amadziwa kumene amaunoletsa, ndipo wonolayo amadziwa wosula. Amalembanso pa kapepala liu lotanthauza mpeni m'cinenero ca dzikolo, cifukwa kasitolo kakang'ono ka mumkwalala sikalemba cikwangwani cake m'Cingerezi. Intaneti imathandiza kupeza msewu, koma siiuza munthu ngati citsulo ncabwino.

Kugula ndi kwina, kufika nao kunyumba ndi kwina. Ku Britain munthu amaloledwa kuyenda ndi mpeni wopinda ngati citsulo cake sicipitirira mainchesi 3 ndiponso ngati sucita kukiyika ukatsegulidwa. Okapi wa kamphete, umene umakiyika, ndi woletsedwa kuyenda nao popanda cifukwa comveka, ndipo mlandu wake ungafikitse munthu ku ndende mpaka zaka 4. Ku Japan malire ake ndi masentimita 6. Ku Germany, kuyambira mu 2008, nkoletsedwa kuyenda ndi mpeni wosapinda wopitirira masentimita 12, kapena wopinda umene umatseguka ndi dzanja limodzi nkukiyika. Ncifukwa cake wogulitsa wabwino amakulunga mpeni ndi kuumata bwino, ndipo wogula ayenera kuusiya wokulungidwa momwemo pamodzi ndi lisiti lake kufikira atafika kumene akugona. Kuumasula mu sitima kuti auonetse mnzake ndi kudziitanira apolisi.

Pa bwalo la ndeke malamulo anakhwima kwambiri kuyambira pa ciwembu ca pa 11 September 2001 ku America. Mpeni umaikidwa m'sutukesi yopita pansi pa ndeke. Ukapezeka m'cola ca m'manja alonda amaulanda, ndipo safunsa mtengo umene unagulidwa. Kampani ya Victorinox ya ku Switzerland, imene inali kugulitsa timipeni take tofiira tambiri m'mabwalo a ndeke, inabvutika kwambiri ndi kusinthaku, ndipo Wenger, imene inali kupikisana nayo, inafooka mpaka Victorinox inaigula mu 2005.

Msampha wotsiriza uli pa cigwiriro. Mipeni yambiri yakale ya ku Sheffield ndi ku Solingen ili ndi zigwiriro za minyanga ya njobvu kapena cigoba ca kamba wa m'nyanja. Mu 1989 maiko a m'pangano la CITES anagwirizana zoletsa malonda a minyanga pakati pa maiko, ndipo mpeni wotere, ngakhale utakhala wa zaka 100, sudutsa malire popanda zikalata. Akuluakulu a kasitomu ali ndi mphamvu youlanda, ndipo mwini wake angaimbidwe mlandu. Wogulitsa akalephera kunena ngati cigwiriro ndi ca fupa la ng'ombe kapena ca mnyanga, wosonkhanitsa wocenjera amaubwezera pa shelefu nasankha wa cigwiriro ca mtengo.